Makalata a omvera: jakisoni wa kulera, mizu ya m'botolo ndi kuvutika maganizo

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25, amene wapempha kuti tisatchule dzina lake. Iye walemba kuti: "Ndakhala ndikubayitsa jakisoni wa Depo kwa chaka ndi theka, ndipo tsopano patha miyezi 8 osasamba. Apongozi anga akuti magazi akuunjikana m'mimba, choncho anandigulira mizu yoviika m'madzi yoti izinditsuka. Ndikumwa ndithu, koma usiku sindigona, ndimangolira popanda chifukwa, ndipo ngakhale geni yanga ya tomato sikundisangalatsanso. Ena akuti ndalodzedwa."

Amayi, ndathokoza kuti mwalimba mtima n'kutilembera. Depo, amene amabayidwa pa miyezi 3 iliyonse, amaletsa dzira kukhwima, komanso amachititsa kuti khoma la mkati mwa chiberekero lisakhuthale monga limachitira mwezi ndi mwezi. Khomalo likapanda kukhuthala, palibe chimene chimayoyoka n'kutuluka ngati msambo, ndipo n'chifukwa chake amayi ambiri amasiya kusamba akabayitsa kwa nthawi yaitali. M'mimba mwanu mulibe magazi amene akuunjikana. Apongozi anu achita zimenezi chifukwa chokukondani, ndipo sindikufuna kuti muwaone ngati adani, koma mizu imeneyo ikutsuka chinthu chimene kulibe.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mankhwala a m'botolo alibe mlingo wodziwika, ndipo zitsamba zina zimawononga chiwindi ndi impso zikamwedwa kwa nthawi yaitali. Zina zimafooketsa njira zakulera. Chitsamba cha St John's wort, chimene anthu ena amamwa akakhumudwa, chimachepetsa mphamvu ya mapiritsi olerera ndi njira ya pamkono, monga momwe amachitiranso mankhwala a chifuwa chachikulu a rifampicin ndi ARV wa efavirenz. Tengani botololo mukamuonetse namwino, ndipo musabise kanthu poopa kukalipidwa. Ngati Depo sakukuyanjani, njira zina zilipo: pa njira zoika pamkono, Implanon amakhala zaka 3, Jadelle zaka 5, ndipo lupu ya kopa ilibe mahomoni. Dziwaninso kuti mukasiya Depo, msambo ungachedwe kubwerera kwa miyezi ingapo, ngakhale kufika chaka.

Koma mbali ya kalata yanu imene yandikhudza kwambiri ndi ya kulira ndi kusagona. N'zoona kuti amayi ena amasintha kamvedwe ka mumtima akamagwiritsa ntchito njira za mahomoni, komabe munthu akatha masabata awiri kapena kupitirira ali wokhumudwa tsiku ndi tsiku, osagona, osasangalala ndi zimene ankazikonda, achipatala amaganizira za matenda a kukhumudwa. Matendawa amachizika pokambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, ndipo nthawi zina ndi mankhwala. Namwino yemweyo amene mukamuonetse botolo, mukamuuzenso za kulira kwanu. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha anakufikiranipo, musadikire tsiku la jakisoni. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, akuperekezeni kuchipatala lero lomwe.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wa ku Kawale, ndipo ikugwirizana ndi yoyambayi. Akuti: "Mng'ono wanga wasiya ntchito ya ukalipentala, amangodzitsekera m'nyumba osayankhula ndi munthu. Ine ndinkadziwa kuti odwala maganizo ndi okhawo amene amayenda osavala mumsewu. Kodi matendawa ndi ofala m'madera ngati athu ano?"

Bambo, ndi ofala kuposa mmene maso athu amaonera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 anthu 970 miliyoni, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse, anali ndi vuto la maganizo, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi nkhawa yopitirira muyeso kapena kukhumudwa. Bungwe lomweli likunena kuti m'mayiko amene akutukuka kumene, pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 5 alionse amavutika maganizo akangobereka. Anthu amenewa timakwera nawo minibasi, timapemphera nawo, ndipo ena amatigulitsa tomato pamsika ngati mayi wa ku Area 25 uja, popanda wowaloza chala kuti ndi amisala.

Ambiri akamva za matendawa amangoganiza za Zomba Mental Hospital, koma mng'ono wanu sakuyenera kuyambira kutali choncho. Yambani pa chipatala chapafupi, kumene angamupime n'kumutumiza kwa namwino wa matenda a maganizo, ndipo chipatala cha St John of God chimathandizanso odwala otere kuno ku Lilongwe monganso ku Mzuzu. Musamukakamize kapena kumumanga. Khalani naye pansi madzulo, mumufunse mofatsa chimene chikumusautsa, kenako mumupemphe kuti mupitire limodzi. Popita mutenge buku lake la kuchipatala, ndipo mukafotokoze ngati akumwa mowa, akusuta chamba, kapena anapatsidwapo mankhwala ndi sing'anga.