Usanapite ndi agogo kuchipatala Lachiwiri, mvetsera kaye izi

Mng'ono wanga, mwadzuka bwanji kumeneko? Ine ndangoweruka kumene, ndinali ya usiku, ndiye ukamva phokoso ndili m'basi. Chithunzi cha agogo chija ndachiona, ndipo mtima sunakhale m'malo. Nkhope ndi yomwe ija, koma taonanso dzanja limene akweza lija. Chibangili chawo chamkuwa, chija tinkalephera kuchivula ngakhale ndi sopo, chatsetsereka mpaka kuchigongono.

Achimwene alemba pa gulupu kuti ndi ukalamba basi, komanso ati kuchepa thupi n'kwabwino chifukwa shuga ndi BP zimakonda onenepa. Kwa iwowo, a zaka 45 ndi mimba yawo ija, n'zoona. Kwa munthu wa zaka 89 zimatembenuka. Kuno ku Manchester, kunyumba ya okalamba kumene ndimagwirako, amene amatidetsa nkhawa si agogo ojintcha ayi, ndi amene lamba wayamba kuwakhwepa. Chimene chikuchoka pa thupi la nkhalamba nthawi zambiri si mafuta, ndi minofu, ndipo minofu ikapita chotsatira ndi kugwa, kuthyoka chiuno, kenako pamphasa.

Ndiye yamba ndi buku lawo la kuchipatala. Unati mu Disembala sikelo inawerenga 52, pano 47. Makilo asanu pa 52, ndiye kuti pa magawo khumi a thupi lawo latsala pang'ono kuchoka limodzi lathunthu. Ife kuno munthu akataya makilo asanu pa 100 alionse m'miyezi isanu ndi umodzi, timaitana dokotala. Agogo adutsa pamenepo kalekale. Manambala awiriwo uwalembe papepala ndi miyezi yake, ukangolowa umuonetse dokotala asanayambe n'kufunsa komwe.

Mwina akawayeza msinkhu n'kuwerengera chija amati BMI, nambala yofananiza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Kwa achinyamata amadandaula ikatsika pa 18.5, koma kwa opitirira zaka 70 ikangotsika pa 22 ndi chenjezo kale. Vuto n'lakuti msana wa agogo unapindika, msinkhu wawo sungayezeke bwino. Ndiye iwe panga izi kunyumba. Kabwereke tepi kwa atelala aja a pamsika. Agogo akhale pampando, phazi lipondetse pansi, bondo lipindike. Zunguliza tepiyo pa katumba, pamene patukuka kwambiri, osakoka mpaka kulowa m'khungu. Ikachepera masentimita 31, minofu yatha. Koma usanakhulupirire tepiyo, dina kaye ndi chala chachikulu pamwamba pa kakolo, uwerenge mpaka 5, uchotse. Pakatsala kadzenje, m'miyendomo muli madzi, ndipo madzi amanamiza tepi ndi sikelo yomwe. Zimenezo ukazinene, chifukwa zitha kuchokera ku mtima, ku impso, kapena ku kuperewera kwa chakudya chomanga thupi.

Tsopano za magazi. Dikira, ndisinthe mpando, pano pali mphepo.

Eya. Choyamba upemphe kuti awayeze kuchuluka kwa magazi, pa pepala amalemba Hb. Kwa mayi, ikachepera 12 ndiye kuti magazi achepa, kwa bambo ndi 13. Wina akakuuza kuti aliyense wokalamba magazi amachepa, usavomere msanga. Usangolandiranso mapilisi a magazi n'kumapita, ufunse mwaulemu kuti magaziwo akupita kuti. Malungo amadya magazi, njoka zam'mimba nazonso. Koma chimene ndikuchiopa ine ndi mapilisi a m'golosale aja amamwera mawondo, Brufen ndi Indocid. Amenewo amakanda m'mimba mpaka kutuluka magazi pang'onopang'ono munthu osadziwa, ndipo amaononga impso. Ndikudziwa kuti n'zovuta kufunsa munthu wamkulu za kuchimbudzi, koma tuma azakhali awafunse ngati chimbudzi chikumada ngati phula. Chikakhala chotero musadikire Lachiwiri, pezani galimoto lero. Mankhwala onse a m'chikwama chawo chija, a kuchipatala, a m'golosale, ngakhale mizu ija anawapatsa anzawo a kumpingo, uike m'jumbo imodzi upite nazo.

Chachiwiri ndi shuga, ndipo apa mvetsetsa. Agogo anayamba mapilisi a shuga aja a glibenclamide ali ndi thupi, akudya mitanda iwiri ya nsima. Lero akudya theka la mtanda, koma mapilisi ndi omwe aja. Shuga wawo atha kutsika mopitirira, ndipo kwa nkhalamba shuga wotsika amapha msanga kuposa wokwera pang'ono. Ukaona thukuta lozizira, manja akunjenjemera, akuyankhula zosagwirizana, asungunulire masupuni atatu a shuga m'madzi amwe, kenako adye. Ngati akomoka usawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe, thamangirani kuchipatala. Ndipo ana a pakhomopo uwauze bwino. Ukudziwa mmene anthu kwathu amachitira nkhalamba ikayamba kubwebweta usiku, mawa lake mudzi wonse wayamba kunong'ona za ufiti, pamene munthu amangofunika kapu ya madzi a shuga. Mapilisiwo usawasiyitse wekha ayi. Ukanene kuti agogo aonda ndipo sakudya, adokotala aone ngati mlingo uchepe kapena asinthe mtundu.

Chimodzimodzi a BP. Upemphe awayeze atakhala, kenako ataimirira. Chizungulire chija amadandaula akamadzuka pamphasa chitha kukhala chochokera ku mapilisi amene pano awakulira.

Chachitatu ndi impso. Amayeza chinthu chotchedwa creatinine, ndipo pachipatala chaching'ono nthawi zambiri sayeza, angakutumizeni kuchipatala cha boma, usakane ulendowo, ya thiransipoti nditumiza. Creatinine ameneyu amachokera m'minofu, impso n'kumamutaya mumkodzo. Impso zikafooka amachuluka m'magazi. Koma munthu amene minofu yamuthera amapanga wochepa, ndiye pepala limaoneka lokongola pamene impso zatopa. N'chifukwa chake ukawakumbutse zaka za agogo ndi makilo awo, kuti powerengera asawayese mtsikana. Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mankhwala ambiri amatuluka kudzera mu impso, zikafooka amaunjikana m'thupi.

Akanena zoyeza makhololo a chifuwa chachikulu kapena HIV, usachite manyazi n'kuwayankhira kuti iwowa ndi achikulire. Matenda awiriwa amaondetsa aliyense, ndipo mankhwala ake alipo aulere.

Za mafuta a m'magazi, kolesterolo, zimene achimwene aletsera mazira zija. Ku Sweden, ofufuza a ku Karolinska Institutet anatsatira anthu oposa 44,000 a ku Stockholm amene anayezedwa magazi ali ndi zaka kuyambira 64, ena mpaka zaka 35 akuwatsatirabe. Zotsatira zinatuluka mu 2023. Amene anafika zaka 100 anali 1,224, ambiri mwa iwo amayi. Amene shuga, creatinine ndi uric acid (chinthu china chimene impso zimataya mumkodzo) zinali zokwera, mwayi wawo wofika 100 unali wochepa. Koma chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti amene kolesterolo ndi ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) zinali zotsikitsitsa, nawonso mwayi unali wochepa. Sindikuti tiziwamwetsa agogo mafuta ophikira, ndipo a ku Sweden sadya zimene timadya ife. Ine mmene ndimaonera, kolesterolo akatsika yekha mwa munthu wokalamba chonchi, kawirikawiri ndiye kuti munthuyo sakudya kapena pali matenda akumudya mkati. Ndiye mazira abwerere.

Kadyedwe tsopano. Mbale yodzaza imawagwetsa ulesi, uziwapatsa pang'ono koma kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa tsiku. M'mawa phala lothira nsinjiro, ukapeza mkaka uthiremo, kapena uswere dzira momwemo likadali pamoto lipse bwino. Usipa uziukazinga n'kuusinja, ufa wakewo uzithira m'ndiwo, chifukwa ndi mano atatu atsala aja sangautafune, amangomwa msuzi n'kusiyira ana. Chipere, nkhwani wotendera, mapeyala, nthochi, mbatata yofewa. Uwayang'anenso m'kamwa ndi tochi ya foni, mwina muli zilonda kapena dzino logwedera limene sakunena. Tiyi asamwe pamodzi ndi chakudya, amatchinga ayironi, adikire kaye ola limodzi. Madzi uziwapatsa m'manja, osadikira apemphe, nkhalamba simva ludzu msanga, ndiponso amadzimana dala poopa kutuluka panja usiku. Aikire chitini m'chipinda.

Ndipo uzikhala nawo pansi pa nthawi ya chakudya. Agogo ndimawadziwa ine. Ukawasiya okha ndi mbale, aitana tizidzukulu tonse, aliyense nthongo yake, mbale ibwerera yoyera iwe n'kumati adya.

Asamangokhala pakhonde tsiku lonse. Ayende ndi ndodo yawo mpaka pa mtengo wa mango uja n'kubwerera, m'mawa ndi madzulo, wina ali pambali. Uziwadzutsanso pampando kangapo motsatizana, ndipo uone ngati akutha kudzuka osagwira m'mbali. Mwezi uliwonse sikelo yomweyo, nthawi ya m'mawa, zovala zopepuka, ulembe kuchikuto kwa buku lija.

Basi yafika, ndikutsika. Mukatuluka kwa dokotala ujambule pepala la zotsatira lonse, osadula m'mbali muli timalemba ting'onoting'ono tija, unditumizire ngakhale ndili mtulo. Agogo uwauze kuti juzi yawo ndagula, ya buluu monga ananenera, koma ndatenga saizi yakale ija, ndiye aidzaze.