Mphipi Ikuyanika Mapiko

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Kuno ku Mangochi mwera wavuta sabata yonseyi, asodzi ambiri sanalowe m'nyanja ndiye ife a geni ya usipa tangokhala, mathandala ali pululu. Usiku tulo sinatione, ndimangowerengera fizi ya mwana, ngongole ya ku banki m'khonde, ufa womwe watsala pansi pa chidebe. Nditamva kuitana kwa ku mzikiti ndinangodzuka n'kupita kudoko, kukakhala pa bwato lina lomwe analikokera pamchenga.

Mawu athu m'mawa uno ndi Mateyu 6:26, pomwe Ambuye Yesu akuti yang'anani mbalame za mumlengalenga, sizifesa, sizikolola, zilibe nkhokwe koma Atate wanu wa kumwamba amazidyetsa. Vesi imeneyi ndinailoweza ku Sande sukulu koma zoti ndikhale pansi n'kuziyang'anadi mbalamezo, ndachita lero.

Pa mtengo wouma panali nkhwazi, yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu kuyambira 1964. Inangokhala duu nthawi yaitali, mwina wina akanati ndi yaulesi. Kenako inatsika kamodzi kokha, miyendo kutsogolo, n'kutola nsomba pamwamba pa madzi osamira ayi. Anthu ophunzira za mbalame amati kunsi kwa zala zake kuli timinga tokhakhala kuti nsomba yoterera isapulumuke, ndipo ikagwira yolemera kwambiri moti singanyamuke nayo siitaya, imapalasa madzi ndi mapiko mpaka kukafika nayo kumtunda. Amene anaika timinga timeneto anadziwa kale kuti chakudya cha mbalameyi ndi choterera.

Koma yomwe yandigwira mtima ndi mphipi. Amene mwafikako ku chilumba cha Boadzulu mukudziwa, miyala yonse mbee ndi zitosi zake. Mphipi siidikira pamtengo ngati nkhwazi, iyo imamira n'kumathamangitsa nsomba pansi pa madzi, kupalasa ndi miyendo. Ndiye nthenga zake zimalowa madzi, sizili ngati za bakha zomwe madzi amangotsetsereka, ndipo kunyowako n'komwe kumaithandiza kumira bwino osayandama. Ikatuluka imakhala yolemedwa, imakwera pamwala n'kutambasula mapiko onse awiri kuyanika, osasaka, osauluka, kungoima choncho mphepo ikuiwomba. Ndinaiyang'ana mpaka misozi inalengeza abale, chifukwa ineyo ndi amene ndili pamwala sabata ino. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumira, kudzuka 4 koloko, kulimbirana nsomba padoko, kukwera malole usiku kupita ku Limbe, thupi lanyowa mtima walemera koma ndimati ndikaima tsiku limodzi ana agona ndi njala. Mwerawu ndimauona ngati chilango. Pamwala paja ndaona kuti mphipi ikamayanika mapiko siinaiwalidwe ndi Mlengi wake, nsomba zikadali m'madzimo ndipo ibwereranso.

Chapatali kudambo kunali akakowa akutsatira ng'ombe, ng'ombe ikaponda udzu ziwala zimadumpha kakowa n'kutola. Yake ndi imeneyo basi, samira, sagwira chambo. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame yoposa 600 ndipo iliyonse ili ndi mlomo wake ndi kadyedwe kake. Ife ndi amene timavutika, mnzako akagula njinga ya kabaza iwenso ukufuna kabaza, wina akapita ku Joni iwenso mtima uli ku Joni, osafunsa kuti kodi mlomo umene Mulungu anandipatsa ine ndi wotola chani.

Musandimve molakwa, sindikuti tizingogona. Palibe mbalame yomwe ndaiona chakudya chikuipeza m'chisa kupatula anapiye. Abale athu achisilamu omwe timakhala nawo kuno ali ndi mawu okoma pankhaniyi, amati mbalame imachoka m'mawa ndi njala n'kubwera madzulo itakhuta. Imachoka ndithu, imapita kukasaka. Chomwe sinachione pa nkhwazi ngakhale pa mphipi ndi nkhawa ija yandisowetsa tulo ine. Ndipo Mulungu yemweyu pa 1 Mafumu 17 anatuma makhwangwala, mbalame zomwe timazithamangitsa pamathandala chifukwa chakuba, kuti zizimupititsira Eliya mkate ndi nyama m'mawa ndi madzulo ku mtsinje wa Keriti.

Tiyeni tipemphere. Atate, inu amene mumadziwa pomwe pali nsomba ya nkhwazi ndi chiwala cha kakowa, mukudziwanso mbale ya m'nyumba mwathu. Amene ali pamwala lero muwaumitse mapiko. Asodzi omwe alimba mtima n'kulowa ndi mwerawu muwabweze amoyo kwa ana awo. M'dzina la Yesu, Amen.

Amene muli ndi odwala tumizani maina tiwapempherere madzulo ano.