Mulungu akakhululukira wolakwa, nanga wolakwiridwa uja atani?

[Pa sikirini: Miyambo 17:15 ndi Aroma 4:5]

Moni nonse amene mukuonera. Tiyambe ndi mavesi awiri amene amaoneka ngati akukangana. Miyambo 17:15 ikunena kuti womasula munthu woipa ndi womanga munthu wosalakwa, onse awiri Yehova amanyansidwa nawo. Tsono pa Aroma 4:5, Paulo akuti Mulungu amamuyesa wolungama munthu wosapembedza. Mwamvatu? Chimene Mulungu amadana nacho mwa oweruza a pansi pano, Paulo akuti mwiniwakeyo amachichita.

Funsoli si lachibwana. Woweruza akamasula mbava pamene umboni uli poyera, tonse timanong'onezana kuti wadyapo kenakake. Ndipo mayi amene analandidwa nyumba ndi abale a malemu mwamuna wake, misozi isanaume n'komwe, akamva kuti wolanda uja watembenuka mtima ndipo akuimba kwaya, sakulakwa kufunsa kuti, "Nanga ine ndi anawa?" Uthenga wa chipulumutso umene sungamuyankhe mayiyu ndi woperewera.

[Pa sikirini: mapu a Yeriko ndi Yerusalemu]

Tiyeni ku Yeriko, pa Luka 19. Mzindawu uli m'chigwa cha Yordano, mamita pafupifupi 250 kunsi kwa mlingo wa nyanja, ndipo unali wolemera ndi kanjedza komanso mafuta onunkhira a basamu. Amalonda ochokera kutsidya kwa Yordano ankadutsa pomwepo pokwera ku Yerusalemu. Ponseponse pamene katundu amadutsa pamakhala msonkho, ndipo mkulu wa okhometsa msonkho kumeneko anali Zakeyu.

Ntchitoyi inkayenda chonchi. Aroma, amene ankalamulira Yudeya, ankagulitsa udindo wotolera msonkho wa m'misewu. Wogula udindowo ankalonjeza ndalama yoti apereke ku boma, ndipo zonse zimene watolera pamwamba pake zinali zake. Ndiye taganizani, munthu ali ndi mphamvu yokuimitsani, kumasula katundu wanu ndi kutchula mtengo, kumbuyo kwake kuli asilikali. N'chifukwa chake okhometsa msonkho atapita kwa Yohane M'batizi kukafunsa chochita, iye anangowauza kuti asamalipiritse zoposa zimene anawalamula. Yohane ankadziwa pamene panali bala. Luka akamati Zakeyu anali wachuma, anthu a ku Yeriko ankadziwa m'matumba mwa yani munachokera chumacho.

Za kufupika kwake ndi za mtengo wa mkuyu umene anakwera kuti aone Yesu tinaphunzira ku Sande sukulu, sitichedwapo. Chofunika ndi dongosolo la zochitika. Yesu ndiye anayamba kuyankhula. Anamuitana ndi dzina, namuuza kuti atsike msanga chifukwa tsikulo akhala kunyumba kwake. Apa n'kuti Zakeyu asanabweze ngakhale khobidi limodzi. Anthu anang'ung'udza, ndipo ine sindiwaweruza msanga, pakuti ena mwa iwo mwina anali omwe anawabera.

[Pa sikirini: Levitiko 6:1-5 ndi Eksodo 22:1]

Kenako Zakeyu anaimirira n'kulonjeza zinthu ziwiri: theka la chuma chake apereka kwa osauka, ndipo aliyense amene anamulanda kanthu monyenga amubwezera kanayi. Ambiri timadumpha nambala imeneyi, koma ili ndi nkhani. Malinga ndi Levitiko 6, munthu amene wabera mnzake n'kuvomera kulakwa kwake ankabweza chinthucho ndi kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Kunena kwa ndalama zathu, wotenga K100,000 akanabweza K120,000. Kubweza kanayi chinali chilango cha pa Eksodo 22:1, cha mbava imene yaba nkhosa n'kuipha kapena kuigulitsa. Zakeyu anasiya mlingo wopepukawo n'kudzisankhira wa mbava yeniyeni, K400,000 pa K100,000 iliyonse. Anadziweruza yekha pamaso pa anthu. Sanati "ntchito yathu ndi momwemo", kapena "aliyense amachita". Pamenepo Yesu anati chipulumutso chafika m'nyumba imeneyi.

Onani kuti olakwiridwa aja sanaiwalike. Tsiku limene Zakeyu anapulumuka, mabanja a ku Yeriko anayembekezera kulandira zawo. Chisomo cha Mulungu chitalowa m'nyumba imodzi, chinatulukira pakhomo ngati ndalama zobwerera kwa eni ake.

Komabe funso lathu loyamba lija silinayankhidwe lonse. Ndalama zimabwezedwa, nanga zimene sizibwezedwa? Mwana amene anagona ndi njala chifukwa bambo ake analandidwa pa chipata cha msonkho, usiku umenewo ndani angaubweze? Kumbukirani Mfumu Davide pa 2 Samueli 12. Mneneri Natani atamufotokozera fanizo la wolemera amene analanda kamwana kankhosa ka munthu wosauka, Davide anapsa mtima nati munthuyo abweze kanayi, osadziwa kuti akudzigamula yekha. Koma Uriya, amene Davide anamulanda mkazi n'kumuphetsa kunkhondo, anali atafa kale. Palibe nkhosa zinayi zimene zikanamudzutsa. Ndipo Davide atavomera kuti wachimwira Yehova, Natani anamuuza kuti tchimo lake lachotsedwa, sadzafa. Lachotsedwa n'kupita kuti?

[Pa sikirini: Aroma 3:23-26]

Apa ndi pamene Paulo akuyankha. Akuti onse anachimwa, ndiye kuti ong'ung'udza a ku Yeriko aja, inu ndi ine, tili m'gulu limodzi ndi Zakeyu. Akupitiriza kuti machimo akale Mulungu anawalekerera m'kuleza mtima kwake, koma sanawaiwale. Anamuika Khristu Yesu poyera kukhala nsembe ya magazi yochotsa machimo, kuti aonetse chilungamo chake, kuti iye akhale wolungama ndiponso womuyesa wolungama munthu wokhulupirira Yesu. Mlandu sunasowe m'kaundula. Unazengedwa, chigamulo chinaperekedwa, ndipo chilango chinagwera Mwana wa Mulungu amene anadzipereka yekha. Woweruza wa ziphuphu amalandira kuti amasule wolakwa, pamene Mulungu anachita kupereka, ndipo anapereka chamtengo wapatali kuposa zonse.

Musaiwale kumene Yesu ankapita podutsa ku Yeriko. Anali pa ulendo wake womaliza wa ku Yerusalemu, ndipo anali atawauza kale ophunzira ake khumi ndi awiri kuti kumeneko akanyozedwa, akakwapulidwa, akaphedwa, ndipo tsiku lachitatu adzauka. Pamene ankadya m'nyumba ya Zakeyu, ankadziwa amene adzalipire ngongole imene Zakeyu sakanatha kulipira.

Choncho kubweza sikugula chipulumutso. Mbava imene inapachikidwa pambali pa Yesu, pa Luka 23, inalibe mpata wobweza kanthu, manja ake anali pa mtanda. Inangovomera kuti chilango chake n'choyenera, n'kupempha Yesu kuti aikumbukire, ndipo inalandiridwa tsiku lomwelo. Koma inu ndi ine manja athu ndi omasuka. Chimandiwawa mtima n'chakuti m'mipingo yathu taphunzira kulapa kwa misozi, kopita kutsogolo ndi kukweza manja, koma kulapa kogogoda pakhomo la amene tinamulakwira timakuthawa. Wogula chimanga ndi sikelo yobera akupereka chakhumi mokhulupirika, sikelo ili yomweyo. Wokongola ku banki m'khonde anasamuka mudzi osabweza, kumene wapitako ndi mkulu wa mpingo. Yesu ananena pa Mateyu 5 kuti ukafika ndi mphatso yako paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, isiye pomwepo, pita ukayanjane naye kaye.

Wina afunsa kuti, "Nanga ngati ndinamuberayo anamwalira?" Numeri 5:5-8 inaganizirapo kale. Munthu aulule tchimo lake, abweze kwa mwiniwake, ndipo ngati mwiniwake kulibe, abweze kwa wachibale wake. Ngati wachibale palibenso, chobwezacho chipite kwa Yehova. Nanga ngati ndalamazo zinatha? Pitanibe, mukanene zoona, mukagwirizane kubweza pang'onopang'ono. Ngati mukuopa kupita nokha, tengani abusa kapena mkulu wa mpingo amene mumamudalira akuperekezeni. Ndipo inu alamu amene muli ndi makiyi a nyumba ya ana amasiye, musadikire kuti nkhani ifike kwa amfumu kapena kukhoti. Kaperekeni makiyiwo sabata ino.