Ma enzyme a kufakitale ya nsalu: amene amafewetsa jinzi yanu, ndi mmene amawamangirira

Muli bwanji a ku Ulongwe, Tsangano, Furancungo! Musaswipe kaye, mamega anu sapita pachabe lero.

Mwachangu: enzyme ndi puloteni yofulumizitsa ntchito. Kufakitale ya nsalu enzyme yotchedwa amylase imachotsa sitachi amene amapaka pa ulusi poluka, cellulase imameta tiubweya ta thonje nkufewetsa jinzi, catalase imaphwanya hydrogen peroxide yotsala akamaliza kuyeretsa nsalu, nkusanduka madzi ndi okosijeni basi. Koma ma enzyme ndi odula, ndipo mukangowathira mmadzi amapita ndi madzi omwewo.

Ndiye amawamangirira, ngati mbuzi pachingwe, imadya pomwepo koma siithawa. Nazi njira zitatu:

1, amawamatiza pa kanthu kolimba monga makala. Asayansi Nelson ndi Griffin anachita zimenezi kale mu 1916 ndi enzyme yotchedwa invertase.

2, amawatsekera mu timikanda ta alginate (chinthu chofewa chochokera ku ndere za mnyanja), madzi amalowa nkutuluka koma enzyme imatsala mkati, mawa muigwiritsenso ntchito.

Dinani subscribe ndi kabelu kaja tisanapite ku 3, ambirinu mumangoonera osadina!

3, amawalumikiza okhaokha ndi mankhwala otchedwa glutaraldehyde.

Tsopano bodza limene limandinyansa kwambiri. Akuti ma enzyme ndi tizilombo tamoyo, timatsala mu kapulana nkumadya nsalu, mwinanso nkukulumani pakhungu. Ayi abale, ayi! Enzyme siipuma, siiswana, ilibe moyo. Inde kufakitale amaitenga kwa bowa ndi mabakiteriya, koma imene imafika pansalu ndi puloteni chabe, ndipo akaitentha kwambiri imaonongeka nkuchapidwa. Amayi mukathira chimera mu phala la thobwa, phala lolimba lija nkusungunuka nkuyamba kutsekemera, mukuganiza wagwira ntchito ndani? Ndi amylase ameneyo, mtundu womwewo wochotsa sitachi pansalu, ndipo mmalovu mwanumu alimonso. Mwamwa thobwa kuyambira ubwana, wakudyani ndani mmimba? Wina akadzakuuzaninso zimenezi pa kaunjika, mutumizireni vidiyoyi pa WhatsApp.

Koma musaone ngati kumangirira nkwabwino paliponse. Enzyme yomangirira imavutika kufika mkati mwa ulusi chifukwa thonje silisungunuka. Kwa cellulase nzabwino ndithu, imangometa pamwamba nsalu osafooka kwambiri. Pamene enzyme yomangirira imawala kwenikweni ndi mmadzi otayidwa, ina yotchedwa laccase kuchotsa utoto madziwo asanapite kumtsinje, ndipo ife omwa madzi a Zambezi ndi Revubue nkhani imeneyi ikutikhudza. Lembani mu makomenti ngati mukufuna vidiyo ya laccase payokha.