Zitsamba ndi mano oyikirira: amadziwa bwanji kuti mankhwala sawotcha nkhama?

Moni nonse amene mukutionera kuno ku Joni ndi kumudzi komwe.

Azakhali anga a ku Rosettenville amavala mano oyikirira a m'mwamba. Tsiku lina atawachotsa, anaona kuti kumwamba kwa m'kamwa kwafiira psuu, ndendende pamene manowo amakhala. Mnzawo wa kutchalitchi anawauza kuti asinje adyo, apake pa manowo n'kugona nawo. Kutacha, nkhama zinali zitayera n'kusupuka ngati zapsa ndi tiyi. Anatha masiku angapo akungomwa phala.

Chinayambitsa kufiira kuja ndi kafangasi kotchedwa Candida albicans. Ambirife tili nako m'kamwa ndipo sikativuta. Koma pansi pa mano oyikirira pamakhala pofunda, ponyowa, malovu safikapo bwino, ndipo pulasitiki wa manowo ali ndi timaenje tosaoneka ndi maso momwe kafangasiko kamamatirira. Odwala shuga, amene ali ndi HIV, ndi amene amagona osachotsa mano, ndiwo kamawavutitsa kwambiri.

Mnzawo uja sananame. Adyo ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa allicin, ndipo mu labotale amaphadi Candida. Koma jiki nayenso amapha Candida, ndipo palibe angauze mayi ake kuti avumate jiki. Choncho akatswiri akapeza chitsamba chopha kafangasi, ntchito imakhala isanathe. Ayenera kuona chimene chitsambacho chimachita ku maselo a munthu, tizigawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga thupi.

Onani mbale iyi. Ili ndi timabowo 96. M'kabowo kalikonse amaikamo maselo amoyo, kawirikawiri ochokera ku nkhama za munthu kapena maselo a mbewa otchedwa L929. Amawasunga pa madigiri 37, kutentha kwa thupi lathu. Kenako amathira madzi a chitsamba chija: mzere uno ochepa kwambiri, wotsatira oonjezerako, mpaka okhathamira. Mzere umodzi sathiramo kanthu kuti akhale ndi pofanizira.

Pakapita tsiku limodzi kapena kuposerapo, amadonthezera mankhwala achikasu otchedwa MTT. Njirayi anaifotokoza Tim Mosmann mu 1983, ndipo ine imandisangalatsa chifukwa yankho umaliona ndi maso. Selo lamoyo limasandutsa chikasucho kukhala pepo. Selo lakufa silichita kanthu. Kabowo kakada pepo, maselo ali moyo. Kakatumbuluka, chitsamba chawapha. Makina amawerenga kuda kwa mtunduwo n'kupereka nambala. Pa muyezo wa ISO 10993-5, woyesera zipangizo zachipatala, maselo otsala amoyo akachepera 70 pa 100 alionse, chinthucho amachitenga kuti ndi chowononga maselo.

Tsono amaika nambala ziwiri pamodzi: mlingo umene umapha kafangasi, ndi mlingo umene umayamba kupha maselo athu. Zikatalikirana, chitsambacho chili ndi tsogolo. Zikayandikana, mankhwala ndi poizoni zili mu supuni imodzi. Ndipo ngakhale chipambane pamenepa, mbale si kamwa ayi. Chiyenera kuyesedwanso pa anthu.

Sindikunyoza zitsamba, abale anga. Tonse tinakula nazo, ndipo ku yunivesite ya Wits konkuno akatswiri anafufuzapo chitsamba cha Dodonaea viscosa pa Candida yemweyu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi botolo lopanda chizindikiro limene munthu amagula m'misika ya zitsamba ya kuno ku Joni, ku Faraday kapena kwa Mai Mai. Lero lasungunulidwa, mawa lakhathamira, ndipo pansi pa mano oyikirira mankhwalawo amakhala atapanikizidwa pa nkhama usiku wonse, osatsukidwa ndi malovu.

Mukaona kufiira kotero, chotsani mano usiku uliwonse, atsukeni ndi kaburashi, ndipo pitani ku kiliniki akaone m'kamwamo. Alipo mankhwala monga nystatin, amene anatulukiridwa mu 1950, ndi miconazole wopaka. Ngati mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, nenani msanga, chifukwa sagwirizana ndi miconazole ndipo munthu atha kutaya magazi. Pemphaninso akuyezeni shuga. Musaiwale kunyamula manowo, poti nthawi zina ndi omwewo amene akhwepa n'kumakhula nkhama, ndipo dokotala wa mano ayenera kuwakonza kapena kupanga ena.