Makalata a omvera: wantchito aphunzire nthawi yanji?

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu. Kalata yoyamba yachokera ku Thyolo, kwa mayi wina amene amaphunzitsa sukulu ya kwacha pafupi ndi esiteti ya tiyi. Iwo alemba motere:

"Anthu amati othyola tiyi safuna sukulu, koma chimawalepheretsa ndi kalendala. Kalasi ikatsegulidwa mu Januwale imagwera pakati pa nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Masiku amenewo ndalama ili pa sikelo, ndiye palibe angasiye dengu n'kukagwira pensulo. Mayi akaweruka, madzi, nkhuni ndi mphika zikumudikira. Akajomba masabata awiri amapeza anzake ayamba kulumikiza mawu iye akadali pa a, e, i, o, u. Manyazi akamugwira sabweranso, ndipo m'kaundula timangolemba kuti wathawa."

Zikomo kwambiri mayi, mwalasa. Kalasi ya pa esiteti iyambe mu Meyi kapena Juni ntchito ikachepa, kuti mvula ikamabwera ophunzira akhale atadziwa kale kulemba dzina ndi kuwerenga manambala. Kwa matenanti a fodya ku Kasungu ndi Mchinji mpata ndi wochepa kuposa pamenepo: malonda akangotha, nazale zayandikira. Choncho masiku ndi ola asankhe ophunzira eni ake, osati komiti. Kambiranani zimenezi ndi mlangizi wa zachitukuko wa m'dera lanu.

Phunziro loyamba lichokere pa ntchito yawo. Bweretsani pepala la malipiro, aone pamene palembedwa makilogalamu ndi pamene adulidwa ngongole. Munthu akatha kutsimikiza yekha zimene kalaliki walemba, simumukakamizanso kubwera. Abambo ambiri amaopa kulakwitsa pamaso pa akazi awo kapena apongozi, ndiye ngati n'kotheka akhale ndi tsiku lawolawo. China chimene aphunzitsi saganizira ndi maso. Munthu akapitirira zaka 40 zilembo zing'onozing'ono zimayamba kuoneka mbuu. Mukaona gogo akutalikitsa buku ndi nkhope, musafulumire kunena kuti mutu ndi wouma, akayezetse maso kuchipatala.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Lilongwe amene amayang'anira alonda:

"Anyamata ambiri aulonda analekezera Folomu 2 kapena 3 chifukwa cha fizi. Akufuna MSCE koma amagwira usiku ndipo mashifiti amasinthasintha. Ayambire pati?"

Bambo, njira ilipo. Masekondale ambiri ali ndi makalasi a open, omwe amayamba masana ana ena akaweruka. Mlonda wa usiku angakwanitse, bola agone m'mawa ndipo shifiti yake ikhazikike teremu yonse. Apa m'pamene inu mungathandize, chifukwa chimene chimagwetsa ambiri ndi kusinthidwa mwadzidzidzi fizi atalipira kale. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tsiku lopuma sabata iliyonse ndi tchuthi cha pachaka. Tchuthicho achisunge kuti chigwere nthawi ya mayeso.

Kuphunzira ndi kulembetsa mayeso a MANEB ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi ndalama yake. Kulembetsa kumatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanafike, ndiye afunse ahedi tsiku lomaliza akangoyamba Folomu 4, aonetsetsenso kuti dzina lalembedwa monga lilili pa chiphaso chawo. Asatenge maphunziro ambiri pofuna kuoneka ngati dolo. Asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri akwanira, koma Chingerezi chisasowe, pakuti ukachilephera satifiketi palibe. Wofuna Biology kapena Chemistry ayambe waona ngati sukuluyo ili ndi labu.

Pomaliza, uthenga wa pa WhatsApp wochokera ku Ndirande ukufunsa za amakanika ndi owotcherera amene ntchito amaidziwa koma pepala alibe. Amenewa safunika kuyambiranso. TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ili ndi ndondomeko yoyesa luso limene munthu analiphunzirira pagalaja kapena pashedi, n'kumupatsa satifiketi akakhoza. Apite ku ofesi yawo ku Blantyre atanyamula zithunzi za ntchito zimene anagwirapo ndi kalata ya bwana amene anawaphunzitsa.