Makalata a Omvera: Womasulira Amene Anadzakhala Pulofesa

Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina wa ku Zomba amene amagwira ntchito yomasulira m'khoti. Iwo alemba kuti: "Sabata yatha munatchula Mjeremani wina dzina lake Otto Franke. Kodi n'zoona kuti anayamba ngati womasulira? Ndafunsa chifukwa ifeyo anthu amangotiyesa milomo ya eni nkhani."

Zikomo bambo, n'zoonadi. Franke anabadwa mu 1863 m'tauni ya Gernrode, ndipo chiyankhulo chimene anazama nacho poyamba chinali Sanskrit cha ku India, osati Chitchaina. Mu 1888 anapita ku China kukamasulira m'maofesi a ukazembe wa Germany, ntchito imene anaigwira mpaka 1901 m'mizinda monga Beijing, Tianjin ndi Shanghai. Taganizani, zaka 13 ali pakati pa kazembe ndi nduna za mfumu ya China, akuwerenga makalata a boma olembedwa m'Chitchaina chakale, momwe kuphonya chilembo chimodzi kukanatha kudanitsa maboma awiri. Ine ndimaona kuti sukulu yake yeniyeni inali imeneyo.

Atabwerera kwawo anathandizako ku ofesi ya kazembe wa China mumzinda wa Berlin, kenaka mu 1910 anakhala pulofesa wa chiyankhulo ndi mbiri ya China pa sukulu ina ya ukachenjede ku Hamburg. Tisabise, sukuluyo inakhazikitsidwa pophunzitsa anthu okatumikira m'maiko olamulidwa ndi atsamunda, ndipo inadzalowa m'yunivesite mu 1919. Mu 1923 anasamukira ku yunivesite ya Berlin, kumene anapumira ntchito mu 1931.

Mayi wina wa ku Mzuzu naye wafunsa mwachidule kuti: "Nanga anasiya chiyani chooneka?"

Mayi, anasiya mabuku asanu a mbiri ya ufumu wa China, otchedwa Geschichte des chinesischen Reiches. M'mabukumo anatsutsa akatswiri ena a kwawo amene ankaona China ngati dziko longoima malo amodzi, lopanda mbiri yoti munthu n'kuifotokoza, ndipo umboni wake anautenga m'zolemba za Atchaina eni ake. Buku loyamba linatuluka mu 1930, koma imfa inamupeza mu 1946 nkhaniyo ataifikitsa m'chaka cha 1368 chokha, moti mabuku awiri omaliza anasindikizidwa iye atapita kale. Mwana wake Wolfgang Franke anadzakhalanso pulofesa wa maphunziro omwewo ku Hamburg komweko.